Mbereko ya Isaura

19 Agosto 1986

Ndayamba kulemba lero chifukwa denga la wodi ino ndaliloweza. Ndine Eugénia, wosankha masamba ku fakitale ya tiyi. Lachisanu lapitali anandichotsa bere la kumanzere pa chipatala cha m'tauni muno mwa Milange. Dokotala wake amabwera pa ndege, popeza msewu wa ku Quelimane unatsekedwa ndi nkhondo. Anati ndi khansa, ndipo anachotsanso anabere a m'khwapa. Mwayi wanga ngwakuti ndimalemba ndi dzanja lamanja.

Nditatsitsimuka ndinafunsa namwino kumene bere langa analipititsa. Anati analikwirira kuseri, pafupi ndi nthochi. Ndiye kuti mbali ina ya ine yatsogola kale m'nthaka, popanda nyimbo ngakhale imodzi. Ndikadzayenda ndikaonako.

Mwana wanga Isaura, wa zaka ziwiri ndi theka, ali ndi achemwali anga aakulu, a Januária. Ana saloledwa muno. Bambo wake, Germano, anatengedwa ndi zigawenga za m'tchire chaka chatha kuti akawasenzere katundu, ndipo mpaka lero zii.

21 Agosto

M'khwapa muli kapaipi ka mphira kotsikira m'botolo pansi pa bedi. Madzi ake dzulo anali ofiira, lero akunga tiyi wopanda mkaka. Jakisoni wa penisilini m'mawa ndi madzulo. Malungo palibe.

Achemwali anabwera ndi mbatata yophika ndi nandolo. Anandidyetsa ndi dzanja lawo, kundipukuta pakamwa, kenako anatenga chitenje, kuno timati kapulana, n'kumanga mkono wanga wa kumanzere pamimba kuti usagwedezeke.

"Bala limafuna bata," anatero. "Usausunthe ngakhale pang'ono."

Akutsuka mbale anandiuza kuti anthu a kumidzi ayamba kuwolokera ku Malawi. Nkhondo ikafika m'tauni, iwo adzapita kwa abale a malemu amuna awo ku Chiradzulu. Ine akuti ndidzatsala pa msasa wa othawa nkhondo pa Muloza, pa malire, chifukwa pali a chipatala.

"Nanga Isaura?"

"Isaura ndipita naye ine. Iwe ungamubereke ndi chiyani? Mwana sakhala ndi munthu wosatha kumubereka, makamaka nthawi zothawathawa zino."

Sananene mwankhanza. Ana awo awiri anapita ndi chikuku chaka chimodzi, ndipo Isaura amamukonda zenizeni. Koma ndikudziwa ana angapo amene anapita kwa abale mongoyembekezera, lero amatchula amayi awo dzina. Ndachita mantha kuposa tsiku la mpeni.

22 Agosto

Kwabwera bambo wamfupi, wadazi, atanyamula chingwe, chubu cha njinga ndi ndodo ya tsache. Ndimayesa wabwera kudzakonza zenera. Akuti ndi a Zeferino, ntchito yawo ndi fisioterapia, kutanthauza kukumbutsa ziwalo ntchito imene zaiwala. Amathandiza asilikali oduka miyendo ndi mabomba okwirira. Dokotala anawasiyira mawu oti azindiona.

Ataona kapulana ija anagwira m'chiuno.

"Epa! Dona Eugénia, wakumangani ndani ngati mbuzi yopita ku msika?"

Anaimasula. Ndi amanyazi kwambiri. Asanandigwire phewa anaitana namwino kuti aime pomwepo, ndipo nthawi yonse maso awo anali kudenga. Za lero: kufinya mpira wa sanza, kupinda ndi kuwongola chigongono, kuzunguza mapewa. Mkono usapitirire phewa mpaka kapaipi katachoka.

Ndinafunsa chifukwa chake. Anati mnofu ukamapola umagwirana ndi chilichonse chimene wayandikana nacho. Mkono ukagona pa nthiti nthawi yaitali, umapolera pomwepo.

"Kodi ndidzatha kubereka mwana?"

Anakanda dazi lawo. "Funso limenelo asilikali anga sanandifunsepo. Tiona, devagar, pang'onopang'ono."

24 Agosto

Ululu. Sindinadye. Achemwali amanganso, namwino wamasula.

26 Agosto

Pa bedi la pafupi nane pali mayi Bernardina a ku Majaua. Amalankhula Chinyanja, koma akafuna kutukwana amabwerera ku Chilomwe. Iwo anawachotsa bere la kumanja chaka chatha, ndipo abwereranso chifukwa mkono watupa ngati thunthu la nthochi. Andionetsa: sutha kuchoka pa nthiti kupitirira chikhato. Kupesa amawapesa, kuvala amawaveka.

"Ana anga anandisamala bwino zedi," anatero akuseka. "Miyezi iwiri yathunthu ndili womangidwa, ngakhale kapu sindinanyamule. Ndi uwu mkono wa munthu wosamalidwa."

Ndinaupempha kuti ndiugwire. Phewa lake ndi louma gwa. Chodabwitsa n'chakuti zala zikugwira ntchito bwinobwino, amaluka nazo ndi zingwe za mlaza.

28 Agosto

Kapaipi achotsa. Ndimayesa n'kakafupi, koma namwino ankangokoka, kosatha. Konseko kanakwana bwanji mwa ine?

Ndaona bala koyamba, pa galasi la mayi Bernardina. Mzere umodzi kuchokera pakati pa chifuwa mpaka m'khwapa, ulusi wakuda, wosokedwa mwaudongo kuposa mmene ine ndimasokera. Nthiti zikuoneka ngati za mnyamata. Ndinalira pang'ono, kenako ndinayang'ananso.

Zinthu ziwiri zimene sindikuzimvetsa. Mkati mwa mkono, kuchokera m'khwapa mpaka pa chigongono, ndikatsina sindimva kanthu, ngati ndikutsina munthu wina. Chachiwiri, nsonga ya bere lomwe kulibe ikuyabwa. Ndinawauza a Zeferino mwamanyazi, iwo osadabwa n'komwe. Akuti asilikali awo amadandaula zala za phazi lomwe linatsala kutchire. Akuti mutu umachedwa kumva uthenga wa maliro.

30 Agosto

Tayamba khoma. Ndimaima moyang'anizana nalo n'kuyendetsa zala m'mwamba pang'onopang'ono mpaka pamene bala layamba kukoka, kupuma katatu, n'kutsika. Khomali lili ndi penti wobiriwira m'munsi, woyera m'mwamba. Pamwamba pa malire a pentiyo pali msomali, pamwamba pa msomali pali chisa chakale cha mavu. Lero ndafika pa malire a penti. Dzanja lamanja limafika pa chisa.

M'khwapa mwatuluka kachingwe pansi pa khungu, kamene kamaima njo ndikatambasula mkono. A Zeferino akuti n'kamtsempha kouma, kadzafewa ndi kusisita. Malamulo a mkono uno moyo wanga wonse: usabayidwe jakisoni, usapse, usachekedwe, ndipo ndikagona uzikhala pa pilo. Munthu wokhala ku minda ya tiyi angapewe bwanji minga?

2 Setembro

Ulusi achotsa. Ndafika pakati pa penti ndi msomali.

Achemwali akuti Isaura waphunzira kunena "galimoto". Ine sindinamve.

4 Setembro

Lero kunali nkhondo ina, ya muno muwodi.

A Zeferino anandipatsa kansanza konyowa kuti dzanja lizitsetsereka bwino pa khoma, ndizizunguza mozungulira, kukulitsa pang'onopang'ono. Anatinso ndizipesa ndekha ndi dzanja lamanzere, ndiponso ndiziyanika tinsalu tonyowa pa chingwe cha pakhonde. Ndili mkati mopukuta khoma, achemwali analowa ndi mtanga wa chinangwa. Mtanga unagwa pansi.

"Mayo ine! Chibalo chabwereranso? Munthu wodulidwa dzana mukumukolopetsa makoma? Antchito a pano akulandirira chiyani?"

"Achemwali, ndi mankhwala amenewa."

"Khala chete iwe! Mankhwala a sanza? Bambo athu anafera ku chibalo cha Apwitikizi akukumba msewu ali ndi chifuwa, nawonso ankawauza kuti ntchito ichiritsa."

Odikirira odwala onse anatuluka ku khitchini, ena zipande zili m'manja. Kwathu kuno wodwala akaoneka akudzipesa yekha, manyazi amagwira abale ake, anthu amati anamutaya. Ndiye kuona wina akuyanika zovala bala lili pachifuwa, aliyense anakwiya ngati ndi m'bale wake. Mayi wina anati anandionanso dzulo ndi ndodo ya tsache, posachedwa andituma ku zimbudzi. Anapita gulu kwa mkulu wa anamwino. A Zeferino anangoima, chubu cha njinga chili m'khosi, dazi likuchita thukuta.

Mkulu wa anamwino safuna phokoso. Walamula kuti odwala asagwirenso ntchito iliyonse. Achemwali andimanga mfundo ziwiri.

5 Setembro

A Zeferino sanabwere. Mkono wagona pamimba tsiku lonse, ndipo ndikuumva ukuuma. Ndakwiya mpaka mutu ukuwawa.

Ndinawapempha mayi Bernardina kuti awaonetse achemwali phewa lawo. Achemwali analiyang'ana, n'kunena kuti a ku Majaua anamanga molakwika, anathinitsa.

Ndakhala ndikudzifunsa: amandimanga chifukwa chondikonda, kapena chifukwa cha Isaura? Ndawayang'anitsitsa akundisenda chinangwa, akuchotsa ndi kamtsitsi ka pakati kuti ndisavutike. Ndikuganiza kuti n'zonse ziwiri, ndipo eni ake sakudziwa.

7 Setembro

A Zeferino abwera ndi nzeru. Anadikira nthawi imene odikirira onse amakhala muwodi, n'kundiimika pa khoma lomwe lija. Anakweza kansanza kuti onse akaone, n'kukaponya pa zenera.

"Pronto. Dona Eugénia, zunguzani dzanja lokhalokha."

Ndinazunguza monga kale, malo omwewo, ululu womwewo. Anthu anayang'ana khoma, n'kuona kuti silikuyera. Mayi wa zimbudzi uja anati, "Aa, izi ndiye zachipatala." Pa chingwe cha pakhonde ndikuyanika nsalu zouma kale, ndikatha n'kuzianulanso. Ndodo aichotsa tsache lake. Chipeso ndimayendetsa m'mwamba mwa tsitsi osalikhudza, kenako achemwali amandipesa zenizeni. Malinga ngati palibe chimene chikupindula, palibe wodandaula.

Ndaseka mpaka bala kukoka. Achemwali sanaseke, koma kapulana aipinda n'kuiika m'mtanga.

10 Setembro

Msomali! Ndaugwira ndi chala chapakati.

Kwabwera anthu ambiri ovulala kuchokera ku midzi ya kuseri kwa phiri. Ena agona pansi. Penisilini watha, koma ine ndinamaliza wanga. Ndege sinabwere sabata ino, choncho zoti khansa inatha kapena idakalipo palibe wondiuza. Nkhani imeneyo ndaiika pambali kaye, ndilibe pomwe ndingaigwire.

12 Setembro

Ndazindikira chinthu. Khoma likundiphunzitsa kupita m'mwamba, koma mwana saberekedwa m'mwamba. Ndinawauza a Zeferino kuti mkono ukufunika kupita kumbuyo: kugwira mwana ali pamsana, kukoka nsalu pansi pa matako ake, kubweretsa nsonga kutsogolo. Anati ndiwaonetse ndi mkono wabwino, pang'onopang'ono. Anandizungulira akuyang'ana phewa, ulendo uno osati denga.

"Ana anga onse anaberekedwa ine ndikuona," anatero, "koma sindinayang'anepo kuti zimatheka bwanji."

Ndinayesa ndi wamanzere. Sunafike ndi pa thako langa lomwe. Zatsopano: kugwira thaulo kumbuyo, dzanja lamanja pamwamba likukoka, lamanzere pansi likutsatira, ngati munthu wodzitsuka msana. Zikupweteka kuposa khoma.

15 Setembro

A Zeferino abweretsa kathumba ka mchenga kamene asilikali amanyamula ndi zitsa za miyendo yawo. Akuti tiyambe ndi kopepuka, mchenga tiziwonjezera. Mayi Bernardina akapatsa dzina, Filipe, ndipo akuti wafanana ndi bambo wake.

Filipe wagwa kawiri. Kachitatu ndinamugwira, koma pomanga panabuka vuto lomwe palibe analiganizira. Mbereko timamanga pamwamba pa mabere, ndipo mabere ndi amene amaigwira kuti isatsike. Moyo wanga wonse sindinadziwe kuti ali ndi ntchito imeneyonso. Kumanja nsalu inagwira, kumanzere inatsetsereka n'kudzakhala pa bala penipeni. Ndinaona nyenyezi masana. Filipe anapendekeka n'kugweranso pansi.

Ndagona choyang'ana kukhoma. Sindikufuna kulankhula ndi munthu.

17 Setembro

Mayi Bernardina anandidzutsa ndi ndodo yawo.

"Iwe, ulira mpaka liti? Mwana wagona pansi kuyambira dzana. Kwathu popita kumunda sitimanga pachifuwa, timapachika paphewa."

Anandilangiza ali pabedi, ndi pakamwa ndi chala. Nsonga imodzi idutse pa phewa lamanja, inayo idutse m'munsi kumanzere, pa nthiti zapansi, kutali ndi khwapa. Mfundo ikhale pamwamba pa bere lotsalalo. Pamene nsalu ikukhudza poyambira bala tinaikapo kansalu kopinda. Kumanga kotereku ndinakuonapo kambirimbiri, koma ndinkati n'kwa anthu a kumidzi. Filipe anakhala. Ndinayenda naye mpaka pa khomo n'kubwerera, wodi yonse ikuimba nthungululu.

A Zeferino anayeza mkono ndi kachingwe kuti aone ngati watupa. Sunatupe. Akuti kulemera kuzikhala kumanja, ndizipumula pafupipafupi, ndipo mkono ukayamba kulemera ndimutsitse mwana msanga. Ndinavomera ndi mutu.

20 Setembro

Mchenga awonjezera. Kachingwe ka m'khwapa kanalira "thu" ndikusisita, kenako mkono unapita patali kuposa kale. Ndinaopa, koma akuti zimatero.

Ndinapita ndi Filipe kumbuyo kukaona pa nthochi paja. Palibe chizindikiro chilichonse, nkhuku zinafukulafukula ponseponse. Ndinaima pang'ono n'kubwerako.

23 Setembro

Achemwali anandipeza ndili ndi Filipe kumsana. Anaima pakhomo nthawi yaitali.

"Thumba silipalapata," anatero. "Thumba sililira."

Zoona. Pochoka anaiwala mbale zawo, chinthu chimene sanachitepo.

26 Setembro

Mfuti zikumveka ku mapiri kuyambira m'mawa. Anamwino awiri sanabwere. Chisa cha mavu chatsala pang'ono, koma sindikuchifunanso.

30 Setembro, pa Muloza

Ndikulemba nditakhala pansi pa mtengo, tsidya lino la Malawi. Ndilembe zisanasokonekere.

Dzulo m'mawa anatiuza kuti aliyense wotha kuyenda anyamuke. A Zeferino anakweza mayi Bernardina pa njinga yawo n'kumakankha, msilikali wa mwendo umodzi atagwira chishalo mbali inayo. Filipe tinamusiya pa bedi. Mayi Bernardina anandiponyera kapulana yawo yolimba, akuti yanga ndi yoterera.

Achemwali ndinawapeza pa geti, mtolo pamutu, Isaura kumsana. Wakula, tsitsi amumeta. Anandiyang'ana n'kubisa nkhope pa khosi la achemwali.

"Mutsitseni," ndinatero.

"Eugénia, taona anthuwa. Ukagwa naye pamsewu?"

"Munati mwana sakhala ndi wosatha kumubereka. Mutsitseni muone."

Anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna wowathandiza, koma aliyense anali ndi zake. Anamasula. Ndinawerama, iwo n'kumuika pamsana panga, ndipo pomwepo anayamba kukuwa ndi kupalapata. Chidendene chake chinandimenya pa nthiti. Dzanja lamanzere linapita kumbuyo, linamugwira pa thako, linakoka nsalu. Ndinaponya nsonga paphewa n'kumanga. Ndinaweramuka. Anakhala.

Achemwali anayendetsa chala pansi pa mfundo kuti aone ngati yalimba, n'kuikokanso pang'ono. Anatsogola, ine pambuyo.

Msewu wa ku malire unadzaza, njinga, mbuzi, mitolo, wina atasenza chitseko. Ine maso anga anali pa msana wa achemwali. Kapulana yawo anaimangabe pachifuwa yopanda kanthu, ndipo ankayenda chowerama pang'ono monga munthu wobereka. Mfuti ikalira, dzanja lawo linkapita lokha kumbuyo kukasisita pamene panalibe mwana. Ndinawamvera chisoni kwambiri, sindinama.

Isaura ankatambasula manja pamwamba pa phewa langa akuitana, "Amayi! Amayi!" Sankaitana ine. Mkono unayamba kulemera tisanafike ndi theka la njira, ndipo ndinakumbuka bwinobwino zimene a Zeferino ananena. Achemwali anatembenuka kawiri. Kachiwiriko anati, "Ndipatse pang'ono chabe, mpaka pa mlatho."

Ndinati ayi.

Lero mkono watupa pang'ono, ndauika pa mtolo. Bala silinatseguke. Achemwali sanakwere lole ya ku Chiradzulu, akuti adikira ya mawa, ndipo panopa akusenda chinangwa cha anthu atatu. Isaura wagona pakati pathu, dzanja lake lagwira nsalu ya achemwali.

Dzulo Isaura analira njira yonse, kuchokera pa geti la chipatala mpaka kuwoloka mlatho. Sindinamutsitse.